Ayub Sanadye

Kapepala kanakana kusintha mtundu. Zakia anakagwedeza, anakayang'anitsitsa padzuwa, anawerenganso masekondi monga anamuphunzitsira kuchipatala, koma kanangokhala kotuwa mbuu. Kapepala kameneka ankakaviika mumkodzo wa Ayub, mchimwene wake wamng'ono, m'mawa uliwonse asanapite kusukulu. Zinthu zikakhala bwino kankada n'kufanana ndi khungu la bilinganya. Limeneli linali tsiku lachitatu kakutuluka kotuwa, ndipo Zakia ankadziwa tanthauzo lake: m'mimba mwa mwanayo munalowa chinthu chosayenera kulowamo.

"Iwe Ayub, tabwera kuno. Dzulo ine ndili kusukulu, unadya chiyani?"

Ayub, wa zaka zisanu ndi ziwiri, anatulukira kuseri kwa bafa atavala chipewa chake chaulusi chimene chinkabisa chipsera cha m'mutu.

"Sindinadye," anatero.

"Sunadye? Mazira awiri aja anadya ndani? Nanga peyala lija? Kampango uja, mafuta mpaka kuchigongono, anadya ndi mphaka?"

"Zimenezo ndi ndiwo, achemwali."

Ndiye mungamuuze chiyani munthu wotere? Kuno kwathu munthu akhoza kumaliza nkhuku yathunthu, n'kutsitsira ndi mapeyala atatu, koma mukamufunsa ayankha ndi nkhope yachisoni kuti chikhalire sanadye. Ngati nsima sinalowe, zinazo ndi zongoseweretsa pakamwa. Ayub anali mwana wa kuno ndithu, ndipo yankho limeneli linali litamutopetsa Zakia mpaka m'mafupa.

Nkhani yonse inayamba chaka chatha. Ayub ankadandaula mutu, ankasanza m'mawa, kenako anayamba kuyenda modzandira ngati woledzera. Anawatumiza ku Blantyre, komwe madokotala anapeza chotupa mu ubongo. Anamuchita opaleshoni n'kuchotsa mbali yaikulu, ndipo yotsalayo ankalimbana nayo ndi mankhwala a m'dripi amene ankakalandira mwezi ndi mwezi. Koma chotupacho chinabweretsa vuto lina, matenda akugwa. Ayub ankangoti ali chiimire n'kugwa, n'kumaphupha, nthawi zina kawiri pasabata, ngakhale mapiritsi ake ankamwa osadumphitsa. Sukulu anaisiyira panjira ali Sitandade 1.

Ndipamene madokotala anawatumiza kwa mayi Rachael, katswiri wa zakudya za odwala, amene anamuika pa kadyedwe kotchedwa keto. Mafuta ambiri, ndiwo zoyeza pasikelo, koma nsima, phala, mpunga, chinangwa, mandasi ndi zotsekemera zonse, ayi. Mayiwo sanabise mawu. "Kadyedwe kameneka sikachiza chotupa, ndipo mankhwala musasiye ngakhale tsiku limodzi. Tikungoyesa kuchepetsa kugwaku. Ana ena kamawathandiza, ena ayi."

Ayub kankaoneka kuti kakumuthandiza. Dokotala analonjeza kuti akatha masiku makumi atatu osagwa, abwerere kusukulu. Zakia ankachonga tsiku lililonse pakalendala ya pabalaza, ndipo anali atafika pa makumi awiri ndi anayi. Yunifolomu inali kale pamsomali, yosita, ndipo Ayub ankaigwiragwira akamadutsa.

Ntchito ya sikelo inagwera Zakia chifukwa panalibenso wina. Bambo ake a Jaffalie anali ku Joni. Amayi ake ankachapa zovala pahotela ina ku Makokola, kulawira mbandakucha n'kubwera madzulo. Zakia, wa Fomu 3, ndiye ankatha kuwerenga pepala la Chingerezi lochokera kuchipatala, choncho ankayeza chakudya chonse cha tsikulo asananyamuke. Masana mwanayo ankatsala ndi azakhali Mwanabibi, alongo awo a bambo ake, amene anasiya munda wawo ku Chowe kudzathandiza.

Zakia anawapeza akusesa pabwalo.

"Azakhali, simunamupatse kanthu Ayub?"

Azakhaliwo sanaweramuke n'komwe. "Shuga sindinamupatse, wallahi, ndikulumbira. Kazipita, uchedwa."

Tsiku limenelo anaweruka msanga chifukwa aphunzitsi anali ndi msonkhano. Zakia anadzera kumsika kukagula mapeyala kwa Abiti Mustapha, anansi awo a kuseri kwa mpanda.

"Mapeyalanso?" anatero Abiti Mustapha uku akusankha akupsa. "Mwanayo mudzamusandutsa peyala. Komatu Zakia, ndinene ndisanene? Anthu akulankhula. Tsiku lija ndinabwera kudzamuzonda ndi kathobwa, iwe n'kundibweza nako pakhomo ngati ndabweretsa chiphe. Dzana ndamufunsa pampanda kuti, 'Ayub, wadya?' Iye akuti, 'Sindinadye, mwezi wathunthu.' Mwanatu sanama."

"Amadya katatu patsiku," anayankha Zakia.

"Nsima?"

"Nsima ayi, koma..."

"Ndiye basi." Abiti Mustapha anapukusa mutu n'kumuikira peyala limodzi la basera, lachisoni. "Nkhaniyi mpaka ku Joni yafika. Azakhali ako anatumiza voisi pafoni kwa bambo ako."

Zakia anayenda njira yonse akulankhula yekha ngati wamisala. Iye wodzuka mbandakucha kuyeza mafuta magalamu, iye wosiya kuwerenga za mayeso kuti awerenge za mazira, lero ndiye wakhala mfiti yomana mwana chakudya. Koma anthu a pano! Munthu ukhoza kufa nawo.

Atafika anapeza pakhonde palibe munthu. Anamva supuni ikukanda bakuli kuseri kwa khitchini, ndipo atasuzumira anangoti kakasi. Azakhali anali pamkeka atatambasula miyendo, Ayub pambali pawo, ndipo pakati pawo panali bakuli la phala la mgaiwa lotsala pang'ono kutha.

"Azakhali!"

Ayub anabisa supuni kumbuyo. Koma azakhali Mwanabibi sanaphethire.

"Usandikuwire, sindine wogontha. Talawa wekha. Muli shuga umu? Unati shuga ayi, ine shuga sindinathire ngakhale kambewu kamodzi."

"Ndinakuuzani kuti phala ayi, nsima ayi. Ndinakuwerengerani pepala lonse."

"Unawerenga, eya. Ine ndinamvapo shuga, zinazo zinali za azungu ako. Tamvera, iwe. Ana asanu ndi mmodzi ndalera ine, ndipo sindinaonepo wodwala akuchira ndi ndiwo zokha. Wodwala ndi phala. Mwana akundilirira masana onse kuti sanadye, magazi a mchimwene wanga, ine ndizingomuyang'ana? Kasikelo kakoko kamamva kulira?"

"Mwamupatsa masiku angati?"

"Chiyambire Lolemba. Ndipo taona, masaya ayamba kubwerera."

Apa Zakia mtima unamupsa zedi. Analanda bakuli lija n'kukhuthulira nkhuku phala lotsalalo.

"Vuto lanu n'loti simunapite kusukulu. Chilichonse mumayesa ndi za ku Chowe. Mukanangokhala kumunda kwanuko."

Nkhuku zokha ndizo zinkalimbirana phala. Azakhali anadzuka pang'onopang'ono, anapinda mkeka wawo, n'kumuyang'ana Zakia kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Sikomo," anatero m'Chiyao. "Zikomo, aphunzitsi." Ndipo analowa m'nyumba.

Madzulo amenewo amayi ake atamva nkhaniyi anangogwira mutu. Anamukalipira Zakia chifukwa cha mwano, anawadandaulira alamu awo chifukwa cha phala, kenako foni inalira, a Jaffalie akufunsa kuchokera ku Joni ngati n'zoona kuti mwana wawo akufa ndi njala. Aliyense m'nyumbamo anakwiyira mnzake. Azakhali analengeza kuti Loweruka akwera njinga ya kabaza kubwerera ku Chowe, kumene anthu osaphunzira amalemekezedwa.

Mawa lake linali Lachisanu, ndipo Zakia anafika kunyumba anthu akutuluka kumzikiti. Ayub ankayendetsa galimoto yake yawaya pabwalo. Zakia asanatule n'komwe chikwama, anaona galimotoyo ikupita yokha, mwini wake ataima chilili, maso ali pamalo amodzi. Kenako anagwa.

Thupi lonse linauma, n'kuyamba kuphupha. Chipewa chinavuka. Azakhali anatulukira m'khitchini akufuula dzina la Allah, supuni ili m'manja, akufuna kuilowetsa m'kamwa mwa mwanayo kuti asalume lilime.

"Ayi, azakhali, m'kamwa musaikemo kanthu. Chotsani mwala uwo. Ndipatseni chitenje chanu."

Mwina n'chifukwa cha mmene mawuwo anatulukira, koma ulendo uno azakhali sanatsutse. Anakankha mwala uja, anavula chitenje chapamwamba, ndipo Zakia anachipinda n'kuchiika pansi pa mutu wa Ayub. Anamugoneka chammbali n'kuyang'ana nthawi pafoni. Mphindi imodzi. Mphindi ziwiri. Yachitatu isanakwane, kuphuphako kunayamba kuchepa mpaka kunasiya, ndipo Ayub anapuma mozama n'kugona tulo.

Anamunyamula awiriwiri kulowa naye m'nyumba, wina kumutu wina kumiyendo, osayankhulana. Atadzuka patapita ola, Ayub anayang'ana denga, kenako msomali wa yunifolomu.

"Achemwali, ndagwa?"

"Wagwa."

"Ndiye tiyambiranso pa wani?"

Zakia anadzuka. Anatuluka kupita pabalaza, anaima kutsogolo kwa kalendala ija, masiku makumi awiri ndi asanu ochongedwa bwinobwino, ndipo analira. Analira ndi chisoni, koma analiranso ndi mkwiyo, chifukwa anali atatsala masiku asanu okha.

Amayi ake atafika anaimbira mayi Rachael n'kukweza mawu a foni kuti onse amve. Mayi Rachael anafunsa kuti kugwako kunatenga mphindi zingati, ngati mapiritsi anamwa, ngati akusanza kapena kudandaula mutu. Anati adziwitsa dokotala, ndipo Ayub akagwanso kapena akayamba kusanza athamangire naye kuchipatala osadikira tsiku la dripi. Zakia sanachedwe kutula mlandu.

"Ndi phala. Azakhali amamupatsa phala mobisa."

"Mwina ndi phalalo, ndipo liyenera kusiyidwa lero lomwe," anatero mayi Rachael. "Koma sindingalumbire kuti ndi lokhalo, chifukwa chotupa nachonso chili ndi zake. Tandiuza, Zakia, azakhaliwo unawafotokozera chifukwa chake?"

"Ndinawawerengera pepala."

"M'chinenero chanji?"

Zakia anayang'ana pansi. Pepalalo analiwerenga m'Chingerezi, mokweza ndiponso monyadira, n'kumasulira apo ndi apo pamene anakumbukira.

"Apatseni foni azakhali," anatero mayi Rachael. Azakhali anailandira ndi manja awiri ngati mbale yotentha. "Mayi, thobwa mumaphika?"

"Ku Chowe konse akudziwa thobwa langa," anayankha azakhali, mawu ali otsika.

"Musanathire shuga wa kugolosale, limatsekemera?"

"Likaphikidwa ndi munthu wodziwa, shuga safunika n'komwe."

"Nanga kutsekemerako kumachokera kuti?"

"Mu ufa momwemo. Chimera chimangokudzutsa."

"Basitu. M'mimba mwa munthu mulinso chimera chake. Phala lija likangolowa, ngakhale musathire kanthu, limasanduka shuga. Ife tikufuna thupi la Ayub lizigwiritsa ntchito mafuta m'malo mwa shuga, chifukwa zikatero kugwa kumachepa mwa ana ena. Shuga akabwera, thupi limasiya mafuta aja."

Azakhali anatsitsa foni. Kenako anatembenukira Zakia.

"Mawu ochepa chonchi, mwezi wonse unalephera kundiuza?"

Azakhali anabwerera pafoni.

"Ndalakwa ine, amayi, ndipo Allah andikhululukire. Koma nanunso ndikuuzeni zimene sikelo yanu sinakuuzeni. Ife tikamadya, mwanayu amakhala potero ndi kambale kake ndi supuni, ngati mlendo woti sitikumufuna. Amationa tikutema, tikusunsa, iye akungokanda dzira. Mimba imakhuta, koma mwiniwake sakudziwa kuti wadya. Ine ndikapita ku Chowe, adzapeza wina womupatsa pampanda. Simungayeze mudzi wonse."



"Zimenezo n'zoona," anavomera mayi Rachael. "Ndiye tipange bwanji?"

"Mazira amaloledwa? Nsinjiro? Mafuta?"

"Mazira ndi mafuta eya. Nsinjiro pang'ono, zoyeza."

"Muuzeni mphunzitsi wathuyu manambala ake alembe. Zinazo mundisiyire ine."

Loweruka wa kabaza anabwera m'mawa monga anapanganirana, ndipo azakhali anamubweza kuti akafune ena. M'khitchini munali nkhondo. Zakia ankayeza, azakhali ankatakasa, ndipo sankagwirizana pa chilichonse. Azakhali ankafuna kuwonjezera nsinjiro kadzanja kamodzi kuti zilimbe, Zakia n'kutchinga chitini ndi thupi lake lonse.

"Kadzanja kamodzi kokha, iwe."

"Dzanja lanu lilibe manambala, azakhali."

"Dzanja limeneli linayamba kuphika mayi ako asanamere mano."

Koma analibweza dzanjalo. Ulendo woyamba zinatuluka zamadzimadzi ngati dzira lokazinga lolephereka. Ulendo wachiwiri zinapserera pansi, ndipo azakhali anadya okha uku akudandaula kuti akuwadyetsa chilango. Ulendo wachitatu anachepetsa moto, n'kumathira mafuta pang'onopang'ono uku akuvundula ndi mthiko ngati mmene amachitira ndi nsima, mpaka zinagwirana. Kenako anatenga chipande chawo chimene anabwera nacho kuchokera ku Chowe, anachiviika m'madzi, n'kuomola mitanda iwiri ing'onoing'ono, yosalala, yoberekana bwinobwino m'mbale. Inali yachikasu, ndipo aliyense wa maso akanaona kuti si nsima. Koma inali mitanda.

Ali pomwepo, Zakia anapukuta sikelo nthawi yaitali kuposa mmene inkafunikira.

"Azakhali, mawu aja a sukulu aja... ndinalakwitsa. Pepani."

"Unalakwitsadi," anatero azakhali akutsuka chipande. "Kayale mkeka. Ndipo kambale ka supuni kaja usabwere nako."

Masana amenewo anakhala onse pamkeka umodzi. Azakhali anamusambitsa Ayub m'manja poyamba, monga amachitira ndi mwamuna wa pakhomo, n'kumuikira mbale yake ya mitanda pafupi ndi ya anzake, ndi kambale ka msuzi wa kampango koyezedwa kale. Ayub anaiyang'ana mokayika. Anaibaya ndi chala.

"Nsima yanji yachikasu?"

"Ya anthu amene anapitako ku Blantyre," anayankha azakhali. "Ife osayenda sitiloledwa. Bisimila, tema."

Ayub anatema, anaumba mbamu m'manja, anaboola pakati ndi chala chachikulu, anasunsa n'kumeza. Anakhwinyata nkhope pang'ono. Kenako dzanja lija linabwereranso m'mbale.

Asanamalize kusamba m'manja, kunamveka "Odi" pachipata. Anali Abiti Mustapha, atamva za kugwa kwa dzulo, ndipo m'manja anali ndi botolo lalikulu la thobwa. Zakia anayamba kudzuka, nkhope itasintha kale, koma azakhali anamukhazika pansi ndi dzanja limodzi. Anapita okha, analandira botololo mwaulemu wonse, anathokoza, analawa, n'kunena kuti chimera chinachepa pang'ono koma si loipa.

"Ili timwa ife osamalira wodwala," anatero. "Mwanayu thobwa limamudzutsira matenda. Khalani pansi ndikufotokozereni, ndi nkhani ya chimera, muimva msanga."

Abiti Mustapha anakhala pansi monyinyirika, maso ali pa Ayub. Anamukodola kuti ayandikire, anamugwira tsaya, n'kutsitsa mawu ngati kuti ena onsewo sakumva.

"Ayub, mwanawe, undiuze zoona. Wadya?"

Zakia anatseka maso. Akanakonda kutsekanso makutu.

Ayub anapukutira manja pakabudula.

"Ndadya," anatero. "Mitanda iwiri."

Lolemba m'mawa kapepala kanayamba kuda pang'ono m'mphepete. Zakia anathamanga nako kukhitchini kukawaonetsa azakhali, amene anakayang'ana n'kunena kuti bilinganya limeneli silinakhwime, achite kudikira. Kenako anapita okha pakalendala, anatenga cholembera chimene anali asanachigwirepo chibwerere, n'kufunsa kuti pochonga ndi pati. Zakia anawalozera, ndipo azakhali anachonga tsiku lachitatu.